Mitundu iwiri ya zamoyo ikamapezeka limodzi, tingadziwe bwanji ngati ikuthandizana kapena ikuponderezana?

Wophunzira_Zamoyo walemba:

Moni nonse akuluakulu. Mabuku amagawa maubale a zamoyo m'magulu: kulimbirana chakudya kapena malo, kudyana, kuyamwa pathupi la mnzako, kuthandizana, ndi ubale umene wina amapindula pomwe mnzake sapindula komanso sataya kanthu. Papepala zimamveka. Koma ukaima m'tchire n'kuona mbalame ikujompha nkhupakupa pamsana pa njati, kapena kamtengo katamera m'tsinde mwa chitsamba chachikulu, ungadziwe bwanji kuti ubale wake ndi uti? Ndiponso mtundu wina ukamachepa pamene unzake ukuchuluka, kodi umenewo ndi umboni wokwanira woti ikulimbirana? Ndikufuna njira yeniyeni yoyezera: poyambira pake, zoyenera kuyeza, ndi zimene zimasokoneza zotsatira.

Nkhwazi wayankha:

A Wophunzira, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri poti yankho lake n'lalifupi: ayi. Mtundu wina ukhoza kuchepa unzake n'kumachuluka chifukwa choti mvula yasintha, wina yamukomera wina yamuipira, iwo osakhudzana n'komwe. N'chimodzimodzi mitundu yopezeka limodzi nthawi zonse. Mwina yonse imangokonda nthaka yachinyontho.

Maso amatisonyeza zimene zamoyo zikuchita, koma satisonyeza amene akupindula. Phindu timaliyeza pa zinthu zitatu: kukula, kukhalabe ndi moyo, ndi kubereka. Ndiye chofunika kufunsa n'chakuti: uyu tikamuchotsa, wotsalayu akula, apulumuka kapena abereka mosiyana ndi mmene akadachitira mnzakeyo alipo?

Mbalame mwatchulayo, imene m'mabuku a zamoyo imatchedwa oxpecker, ndi phunziro labwino. Kwa nthawi yaitali inkalembedwa ngati chitsanzo cha kuthandizana: mbalame ikhuta, nyama ichotsedwa nkhupakupa. Paul Weeks anayesa zimenezi pa ng'ombe ku Zimbabwe, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2000. Anagawa ng'ombe pawiri, gulu lina mbalame zinkaingitsidwa kuti zisatere, lina zinkatera mwaufulu. Nkhupakupa zikuluzikulu sizinachuluke pa ng'ombe zopanda mbalame zija. Chimene chinasiyana ndi zilonda: pa ng'ombe zoteredwa ndi mbalame zinkachedwa kupola, chifukwa mbalamezo zimatokosa bala n'kumamwa magazi. Komanso nkhupakupa imene mbalame imakonda ndi yofufuma kale ndi magazi, yoti yamaliza kuvulaza nyamayo.

Musathamangire kunena kuti mbalameyi ndi mdani basi. Ku South Africa, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti zipembere zakuda zokhala ndi mbalamezi pamsana zinkazindikira munthu wozembera nthawi zonse, pomwe zopanda mbalame zinkamuzindikira pafupifupi kamodzi pa kanayi. Chipembere sichiona patali, ndiye kulira kwa mbalame ndiwo maso ake. Mbalame yomweyomweyo, kwa ng'ombe ya chilonda ndi chipsinjo, kwa chipembere chosakidwa ndi mlonda.

Pa nkhani ya kulimbirana, ntchito imene ndimaiona kuti aliyense ayenera kuidziwa ndi ya Joseph Connell ya mu 1961, pachilumba cha Cumbrae ku Scotland. Pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja pamamatirira tizamoyo tazigoba ta mitundu iwiri. Chthamalus amakhala kumtunda kumene madzi amafika kanthawi kochepa, Balanus amakhala kumunsi. Woona ndi maso akhoza kunena kuti aliyense anasankha malo omukomera. Connell anapala Balanus pamiyala ina ya kumunsi n'kusiya ina ili chomwecho. Pamene anapalapo, Chthamalus anakhala bwinobwino. Pamene sanapale, Balanus, yemwe amakula msanga, ankamukwirira, kumufinya m'mbali kapena kumuzula pamwala. Choncho malire a kumunsi a Chthamalus amaikidwa ndi mnzake, pomwe malire a kumtunda a Balanus amaikidwa ndi dzuwa, poti iye sapirira kuuma. Mzere umodzi pamwala, zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo sizikadadziwika popanda kupala.

Mvunguti wayankha:

A Nkhwazi afotokoza chifukwa chake. Ine ndinenepo za kachitidwe, ndipo nditenga kamtengo kanu kali m'tsinde mwa chitsamba.

Musanadule chilichonse, sankhani chimene mudzayeze n'kuchilemba. Pa zomera, chodalirika kwambiri ndi kulemera kwa chomera chouma: mumachidula, kuchiumitsa pa 60 mpaka 70 digiri Celsius kwa maola 48 kapena kupitirira mpaka kulemera kutasiya kusintha, kenako kuchiika pasikelo. Msinkhu wokha umanamiza, chifukwa chomera chosowa dzuwa chimatalika n'kuonda, ndiye mungaganize kuti mthunzi ukuchithandiza chikhalirecho chikuvutika. Werenganinso zopulumuka, maluwa ndi njere.

Kenako pezani timitengo tofanana msinkhu, n'kutiika tiwiritiwiri toyandikana, pa nthaka ndi mtsetse wofanana. Pa tiwiri tilitonse, kamodzi kachotseredwe chitsamba, kena kasiyidwe. Musasankhe ndi mtima wanu kuti kochotsera ndi kati. Ponyani ndalama yachitsulo kapena chitani maere, chifukwa dzanja la munthu limathamangira kudula pamene pali posavuta, ndipo malo osavutawo nthawi zambiri amasiyana kale ndi enawo. Magulu a tiwiritiwiri amenewa (mapeya) asachepere 10. Ngati mukuyeza kupulumuka, pamafunika ochulukirapo, 20 kapena 30, popeza kufa kwa kamtengo kamodzi pa 10 sikunena zambiri. Pa udzu ndi zitsamba zing'onozing'ono, ndime za mita imodzi m'litali ndi m'lifupi zimakwanira, koma muziyeza pakati pokha, kusiya masentimita 20 kapena 25 m'mphepete, chifukwa mizu ndi mthunzi wa zomera za kunja zimalowerera.

Cholakwa chimene chimaononga kafukufuku wambiri ndi ichi: munthu amatchinga ndime imodzi yaikulu, n'kusiya ina imodzi yosatchinga, ndiye amayeza zomera 50 uku, 50 uko, n'kumati ali ndi zitsanzo 100. Ali ndi ziwiri zokha. Ngati ndime imodziyo ili ndi chulu chakale pansi, zomera zonse 50 zidzakula bwino chifukwa cha chulucho, osati mpanda. Stuart Hurlbert analemba za vutoli mu 1984 atapeza kuti linali lofala m'kafukufuku wosindikizidwa kale. Ndime zing'onozing'ono zambiri zomwazikana zimaposa ziwiri zikuluzikulu.

Pochotsa chitsamba, dulani m'tsinde, musazule. Kuzula kumagalauza nthaka n'kudula mizu ya kamtengo komwe mukuyezako. Ngakhale kudula kuli ndi vuto lake: mizu yotsala pansi ikamaola imatulutsa chakudya m'nthaka, ndiye chaka choyamba kamtengo kakhoza kukondwa chifukwa cha manyowawo. N'chifukwa chake nyengo imodzi siikwana, ndipo mphukira za chitsamba muzizidula pafupifupi masabata awiri alionse.

Mukafuna kutsekereza nyama, kukula kwa mabowo a waya ndiko kumasankha amene watsekeredwa kunja. Waya wa mabowo a masentimita 5 umaletsa akalulu ndi agwape koma mbewa zimadutsa. Kuletsa mbewa kumafuna mabowo osapitirira sentimita imodzi, ndipo wayayo akwiriridwe pansi masentimita 20 mpaka 30 kuti zisakumbe. Koma khola lenilenilo limasintha malo: limachepetsa mphepo, limapereka kamthunzi, limasunga chinyontho, ndipo mbalame zimatera pamwamba pake n'kugwetsamo zitosi ndi njere. Choncho pamafunika mtundu wachitatu wa ndime, wa khola lotsegula m'mbali ziwiri, lokhala ndi mthunzi womwewo koma nyama zikulowa. Khola lotsekeka muzilifanizira ndi limeneli. Mukaona kuti khola lotsegula likusiyana kwambiri ndi ndime yopanda khola, dziwani kuti gawo lina la zotsatira zanu ndi la waya.

Pomaliza pa masamu, pali kawerengedwe kosavuta. Tengani kulemera kwa chomera chokhala ndi mnzake, chotsanipo kulemera kwa chomera chokhala chokha, mugawe ndi ziwirizo mutaziphatikiza. Tiyerekeze kuti chokhala ndi chitsamba chalemera magalamu 30, chokhala chokha 50: 30 kuchotsa 50 ndi -20, kugawa ndi 80, yankho -0.25. Nambala ikakhala pansi pa ziro, chitsamba chikupondereza. Ikakhala pamwamba pa ziro, chikuthandiza. Imathera pa -1 ndi pa 1, kotero mukhoza kufanizira malo osiyana.

Zonsezi zangokuuzani mbali imodzi, ya zimene chitsamba chikuchita kwa kamtengo. Kuti mutchule dzina la ubalewo, muyeneranso kuchotsa kamtengo pamalo ena n'kuyeza chitsamba. Ambiri sachita zimenezi, n'chifukwa chake ubale woti "wina sataya kanthu" ndimaukayikira kawirikawiri. Akakowa otsata ng'ombe amagwira ziwala zambiri kuposa oyenda okha, zimenezo zinayezedwa. Kunena kuti ng'ombe sizipindula kapena kutaya kanthu n'kovuta kutsimikiza, chifukwa kusapeza kusiyana pa ng'ombe zochepa si umboni woti kusiyanako kulibe.

Katumbu wayankha:

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma pali msampha wina umene kuchotsa mtundu umodzi sikuuthetsa pakokha. Mukhoza kuchotsa A, B n'kuchuluka, inu n'kulemba kuti amalimbirana chakudya, pamene chowalumikiza ndi mtundu wachitatu womwe simunauyang'ane.

Onani agologolo a ku Britain. Otuwa anabwera kuchokera ku North America m'zaka za m'ma 1870, ndipo kulikonse kumene afika ofiira a m'dzikomo amatha. Kulimbirana chakudya kulipo ndithu. Koma otuwawo amanyamula kachilombo kotchedwa squirrelpox komwe iwo sikawadwalitsa kwenikweni, pamene ofiira kamawapha m'masabata ochepa, ndipo kumene kachilomboka kali ofiira amatha mofulumira kwambiri kuposa kumene kulibe. Robert Holt mu 1977 anasonyeza kuti mitundu iwiri yokhala ndi mdani mmodzi, kaya chilombo kaya matenda, ikhoza kuoneka ngati ikulimbirana ngakhale isakudya chinthu chimodzi: wina akachuluka amadyetsa mdaniyo, mdaniyo n'kuchuluka n'kutha winayo. Njira yosiyanitsira ndi kubwereza kuchotsa kuja kawiri, pamalo pamene mdani alipo ndi pamene watsekerezedwa. Ngati kusiyana kwazimiririka mdani atachoka, nkhani siinali ya chakudya.

Zimachitikanso mbali inayo, mdani kukhala amene akusunga mitundu yambiri. Robert Paine, kuyambira mu 1963 kugombe la Washington ku America, ankamatula Pisaster, nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi, pachigawo cha mwala n'kumaiponya m'madzi. Nyamayi imadya nkhono zazigoba ziwiri zotchedwa Mytilus. Itachoka, nkhonozo zinadzaza mwala wonse, ndipo mitundu ya pamalopo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Ndere zina zimene zinasowa, Pisaster sankazidya n'komwe. Ankangozisungira malo podya wolanda malo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Serengeti, dera la nyama zakutchire la ku Tanzania. Matenda a ng'ombe a rinderpest, omwe analowa mu Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ankaphanso nyumbu. Ng'ombe zozungulira derali zitalandira katemera, matendawo anatha m'nyama zakutchire chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo nyumbu zinachuluka kuchoka pa pafupifupi 250,000 kufika poposa 1 miliyoni pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyumbu zambiri zinadya udzu wambiri, udzu wouma wotsala unachepa, moto wolusa unachepa, ndipo timitengo tomwe tinkapsa chaka ndi chaka tinayamba kukula. Kachilombo kosaoneka ndi maso ndiko kankalamula kuchuluka kwa mitengo.

Ndiye langizo langa kwa inu a Wophunzira: musanamange khola, lembani onse amene amadya, kudwalitsa kapena kudyetsa mitundu yanu iwiriyo. Ndipo pamene mungathe, sinthani zinthu ziwiri, chilichonse pachokha komanso zonse pamodzi. Charles Krebs ndi anzake anachita zimenezi ndi akalulu a ku Yukon ku Canada, omwe amachuluka ndi kuchepa pafupifupi zaka 10 zilizonse, pa ndime za sikweya kilomita imodzi. Malinga ndi zimene anasindikiza mu 1995, kutsekereza zilombo ndi mpanda wamagetsi kunachulukitsa akalulu kawiri, kuwapatsa chakudya kunawachulukitsa katatu, koma zonse pamodzi ka 11. Akadayesa chimodzi chokha, akadapeza yankho loona koma lochepa kwambiri.

Wophunzira_Zamoyo walemba:

Zikomo kwambiri nonse. Chimene chandisokoneza tsopano ndi mbalame ija a Nkhwazi anena. Ngati ubale umodzi ukhoza kukhala wothandiza pano, wovulaza apo, ndiye pa kamtengo kaja ndidzalemba chiyani zotsatira zikadzasiyana malo ndi malo? Kodi ndiye kuti ndalakwitsa poyeza?

Nthengu wayankha:

Simunalakwitse, ndipo kusiyanako kukhoza kukhala chinthu chofunika kwambiri chimene mungapeze. Chitsamba chimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi kwa kamtengo: chimakalanda dzuwa, madzi ndi chakudya cha m'nthaka, komanso chimakateteza ku kutentha, mphepo ndi nyama zodya masamba. Sikelo yanu imangoona chotsala mukachotsera china pa chinzake. Pamalo achonde ndi achinyontho, kulanda kumakula. Pamalo ovuta, chitetezo chimakula. Ragan Callaway ndi anzake anayesa zimenezi pa mitundu 115 ya zomera m'mapiri 11 a m'mayiko osiyanasiyana, n'kusindikiza mu 2002. Kumunsi kwa mapiri, kuchotsa zomera zoyandikana nazo kunkathandiza chomera chotsala. Kumtunda kozizira ndi kwamphepo, kunkachivulaza. Ndiye ikani mapeya anu dala pamalo ouma ndi achinyontho, ndipo muziwerengera gulu lililonse palokha. Mukaphatikiza zonse, -0.3 wa kuno ndi 0.3 wa uko zidzakupatsani ziro, inu n'kulemba kuti palibe ubale. Msinkhu nawonso umatembenuza zinthu: chitsamba chimene chinalera kamtengo chikhoza kudzaphedwa ndi mthunzi wa mtengo womwewo utakula.

Ngakhale kuthandizana kodziwika bwino kuli ndi mtengo wake. Zomera za m'gulu la nyemba zimasunga mabakiteriya a Rhizobium m'timatuza ta kumizu. Mabakiteriyawo amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kupatsa chomera, chomera n'kuwalipira shuga. Mukhoza kuona nokha ngati ntchito ikugwirika: zulani chomera chikamayamba maluwa, dulani katuza ndi lezala. Kakakhala kofiirira m'kati, kakugwira ntchito. Koyera kapena kobiriwira sikakupereka kanthu. Nthaka ikakhala kale ndi nayitrojeni wambiri, chomera chimachepetsa timatuza, poti palibe chifukwa cholipirira chinthu chopezeka chaulere. Toby Kiers ndi anzake mu 2003 anaika timatuza ta soya mumpweya wopanda nayitrojeni kuti mabakiteriya alephere kupereka, ndipo chomera chinachepetsa okosijeni wopita ku timatuza timeneto, kuswana kwa mabakiteriyawo n'kutsika ndi pafupifupi theka. Mafangayi (zamoyo za m'gulu la bowa) a kumizu otchedwa mycorrhiza nawo ndi chimodzimodzi: m'nthaka yosowa fosiforasi amakulitsa chomera, koma m'nthaka yothiridwa feteleza wambiri akhoza kumangodya shuga, chomera n'kukula mochepa kuposa chopanda iwo.

Pamene zonsezi zimaonekera bwino ndi pa mtengo waminga wa Acacia drepanolobium ku Laikipia, ku Kenya. Mtengowu uli ndi minga yotupa m'tsinde momwe nyerere zimakhala, ndipo umatulutsa timadzi totsekemera pamasamba. Nyererezo zimaluma chilichonse chodya masamba. Njovu, ngakhale ndi yaikulu chotero, imaupewa chifukwa nyerere zimalowa m'chitamba. Ofufuza atatchinga ndime zina mu 1995 kuti nyama zikuluzikulu zisalowe, munthu akadayembekezera kuti mitengo isangalala. Patapita zaka 10, Todd Palmer ndi anzake anapeza kuti mitengo yosadyedwayo inachepetsa minga yotupa ndi timadzi tija. Nyerere zoteteza kwambiri, Crematogaster mimosae, zinafooka, ndipo malo awo anayamba kutengedwa ndi Crematogaster sjostedti, zimene zimakhala m'mabowo obooledwa ndi tizilombo tofukula thunthu ndipo siziletsa tizilomboto. Mitengo yokhala ndi nyerere zachiwirizi inkakula pang'onopang'ono ndipo inkafa kuwirikiza kawiri. Ubale wa mtengo ndi nyerere unkagwiriziridwa ndi njovu ndi akadyamsonga omwe ankaudya.

M'dera lomwelo, ku Ol Pejeta, nyerere zachilendo za mitu ikuluikulu, Pheidole megacephala, zikupha nyerere zotetezazo. Kafukufuku wa mu 2024 anasonyeza kuti kumene zafika, njovu zimathyola mitengo kwambiri, tchire limayera, mikango imasowa pobisala pozembera mbidzi, ndipo yayamba kugwira njati zambiri kuposa kale.

Choncho polemba, musangoti "mtundu uwu umathandiza uwu." Lembani malo, nyengo, msinkhu wa zomera, nyama zimene zinalipo, ndi chimene munayeza.

Mvunguti wayankha:

Ndiwonjezere pa za Laikipia, chifukwa zikukhudza nthawi. Kusintha kuja kunaoneka patatha zaka 10. Woyeza chaka choyamba akadaona mitengo yosadyedwa ili ndi masamba ambiri, n'kulemba kuti nyama zikuluzikulu zimangoononga. Ngati muli ndi nyengo imodzi yokha, a Wophunzira, sankhani zamoyo zoswana msanga, monga udzu wa chaka chimodzi, nsabwe za pamasamba ndi tizilombo tozidya, kuti m'nthawi yanuyo mudutse mibadwo ingapo. Pa timitengo, yezani tsiku loyamba musanadule kanthu, kenako mwezi ndi mwezi, chifukwa m'nyengo yamvula chitsamba chikhoza kupondereza, m'chilimwe n'kukhala chimene chikupulumutsa, ndipo kuyeza kamodzi kumapeto kudzabisa zonsezi. Kamtengo kalikonse kakhale ndi chikhomo ndi nambala yolembedwa pakachitsulo, osati papulasitiki kapena ndi inki yofufutika padzuwa. Kakafa, lembani mmene mwakapezera: kouma kali chilili, kodulidwa ndi mano, kapena kozulidwa. Kouma kakuloza ku madzi, kodulidwa kakuloza ku nyama, ndipo pamenepo mudzadziwa ngati nyengo yotsatira mukufunika khola la waya kapena chida choyezera chinyontho cha m'nthaka.